Loweruka Linachokera Kuti? Mbiri ya Kudyera Pamodzi

 Masiku onse ndikabwera pano ndimakamba za mizere, za manyowa ndi za anankafumbwe m'nkhokwe. Lero mundilole ndisiye khasu pakhomo, tikambe za kudya, pakuti munthu salima kuti azingoyang'ana nkhokwe ayi.

Loweruka lapitali ndinali pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Dedza. Panatsika banja m'minibasi: bambo, mayi, ana atatu ndi agogo aakazi. Onse analunjika pa chiwaya. Bambo anagula tchipisi ndi nyama, ana nayamba kutola ndi timitengo, kukamwa kuli noninoni. Agogo aja analawa pang'ono, napukuta m'manja. Mpongozi wawo atawafunsa kuti, "Amayi, mwakhuta kodi?" iwo anati, "Ndikhuta bwanji mwanawe, ine lero sindinadye?" Tonse amene tinali pafupi tinaseka, chifukwa tinamva chimene ankanena: munthu amene sanagwire nsima sanadye. Koma ine pobwerera ndinkadzifunsa kuti, kodi mwambo uwu wonyamuka Loweruka ndi banja kukadya chakudya chogula unayamba liti pakati pathu?

Tiyambe ndi tsiku lenilenilo. Tatchulani masiku a sabata m'chinenero chathu, mumve chimene akunena. Lolemba ndilo tsiku lolemba, pamene kapitao ankakhala ndi buku lake nalemba maina a anthu oyamba ntchito. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu ndi masiku ongowerenga, monga awerengera munthu mizere imene yatsala kuti amalize ndime. Loweruka ndilo tsiku loweruka ku ntchito. Lamulungu ndilo la tchalitchi. Mwaona tsono kuti masiku asanu ndi limodzi anunkha thukuta la ntchito yolembedwa, ndipo limodzi lotsalalo ndi la mishoni.

Makolo athu analibe sabata yotere. Iwo ankawerenga mwezi, ukaoneka ndi ukafa, ndipo ankadziwa dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Kupuma kunalipo, koma kunalibe tsiku lake loikika. Maliro akagwa m'mudzi anthu sankapita kumunda. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, ng'oma zinkalira masiku ambiri osaleka. Sabata ya masiku 7 inakhazikika pamene amishoni anafika, ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi ku Blantyre m'chaka cha 1876, nayamba kuliza belu la sukulu, la ntchito ndi la mapemphero. M'chaka cha 1878 inabwera kampani ya African Lakes, imene tonse tinaitcha Mandala. M'chaka cha 1891 dziko linakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo posachedwa msonkho wa nyumba unayamba kutulutsa amuna m'midzi kukafuna ndalama m'minda ya Azungu. Munthu amene ali ndi tsiku lolowa ntchito ndiye amadziwa kukoma kwa tsiku loweruka. Choncho Loweruka, monga tilidziwa ife, ndi mwana wa dzulodzuloli, sanakwanitse ngakhale zaka 200.

Koma kudyera pamodzi si kwa dzulo ayi. Akuluakulu amene mukundimva mukumbukira chidyerano. Dzuwa likapendeka nyumba iliyonse inkatulutsa nsima ndi ndiwo zake. Amuna ndi anyamata ankadyera pabwalo kapena kumphala, amayi ndi asungwana ndi tiana ankadyera pamalo pawo. Mbale zinkabwera imodziimodzi, iyi ya nkhwani wotendera, iyo ya khobwe, ina ya therere, ina ya mbewa ngati anyamata anakumba bwino tsiku limenelo. Onse ankapisa m'mbale imodzi, ikatha nakoka ina. Nzeru yake inali yotere: nyumba imene lero ilibe ndiwo siinkagona ndi njala, pakuti mawa idzakhala ndiyo yotulutsa nkhuku. Mwana wamasiye sankasowa pokhala, ndipo mlendo wodutsa akangoti "Odi" ankamupatsa madzi osamba m'manja asanamufunse kumene akupita. Mlendo ndi mame, ankatero.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinali zokoma. Ntchito yosinja, yotunga madzi ndi yophika inali pa amayi okha, ndipo nthuli zabwino kawirikawiri zinkapita kubwalo kwa amuna. Mwana wodya pang'onopang'ono ankachoka pambale asanakhute. Mayi amene nsima yake inali ya mibulu ankamuseka mudzi wonse. Koma chinthu chimodzi chinalibemo m'chidyerano: mtengo. Akuluakulu amatiuza kuti kugulitsa nsima yophika kwa munthu wapaulendo kukanakhala chinthu chamanyazi.

Maulendo okasangalala analiponso. Kunali ukwati, chinamwali, gule wamkulu, ndi dima, pamene mwini munda ankafulula mowa ndi thobwa naitana anzake kudzamuthandiza kulima. Woyenda ulendo wautali ankatenga kamba: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha ndi thobwa m'chipanda. Kwinako ankadalira abale ndi anthu achifundo a m'njira.

Tsopano tiyang'ane m'mbale mwenimwenimo, pakuti apa ndi pamene ine wa zaulimi ndimakondwera. Agogo a ku Dedza aja ankafuna nsima ya chimanga, ndipo ankaiyesa chakudya cha makolo chiyambire dziko. Koma chimanga nachonso ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo chinafika m'magombe a Africa pa zombo za Apwitikizi zitapita zaka za m'ma 1500. Kuchokera kugombe chinalowa kumtunda ndi anthu amalonda. Ena odziwa mbiri amati dzina lakelo likuloza ku Manga, ndiko kuti kwa Aluya a kugombe. Chisanafike, nsima ya makolo athu inali ya mapira, ya mawere ndi ya mchewere. David Livingstone atayenda m'dziko la Amang'anja m'chaka cha 1859 anapeza minda yaikulu ya mapira, pamodzi ndi mawere, nyemba, mtedza, maungu, chinangwa, mbatata ndi thonje. Chimanga anachipeza, koma chinali chisanakhale mfumu ya mbewu zonse monga chinadzakhalira pambuyo pake.

Ndipo si chimanga chokha. Chinangwa chimene abale athu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota aphikira kondowole chinachokera ku Brazil. Mbatata, mtedza, nyemba, maungu, tomato ndi tsabola, ngakhale kambuzi amene amatitulutsa misozi, zonsezi kwawo ndi ku America. Mango ndi nandolo ndi za ku India. Nthochi ndi nzimbe zinachokera kum'mawa kwakutali. Mpunga wa ku Nkhotakota unakula ndi a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, ndipo tisaiwale kuti malonda awo aakulu anali minyanga ndi akapolo. Mbatatesi ya tchipisi kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America. Inabwera kuno ndi Azungu, niyanjana ndi nthaka yozizira ya ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tsangano, mpaka lero alimi a kumeneko ndiwo amadyetsa ziwaya zambiri za m'matauni athu.

Nanga zathu zenizeni za mu Africa muno ndi ziti? Mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama. Ndimamva chisoni pang'ono kuti zimenezi ndizo sizioneka m'malo odyera. Munthu akavala bwino Loweruka nalowa mu lesitilanti, sapempha nsima ya mapira ndi nzama, chikhalirecho mbewu zimenezi ndizo zimapirira mvula ikadula msanga. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kodi tsono chakudya chinayamba bwanji kugulitsidwa chophika? Chinayamba pamene anthu anayamba kugona kutali ndi nkhokwe zawo. Wogwira ntchito m'munda wa fodya kapena wa tiyi ankalandira phoso, ndiko kuti ufa, nyemba ndi mchere, nadziphikira yekha pa mafuwa atatu kuseri kwa chithando. Kalaliki, mesenjala, wotenga katundu ndi wogwira ntchito m'nyumba ya Mzungu ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba analibe bwalo la kwawo pafupi. Amayi a m'midzi yozungulira anaona mpata, nayamba kubwera ndi thobwa, mowa, mbatata yophika, zitumbuwa ndi chigumu. Njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndi ku Salima m'chaka cha 1935, pa siteshoni iliyonse panakhala kamsika. Amwenye amene anatsegula masitolo anabwera ndi samusa ndi zokometsera ndiwo zawo. Mandasi anachokera kugombe, ndipo dzina lake ndi la Chiswahili.

Tiyi ali ndi mbiri yodabwitsa. Anayamba kumubzala ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo manja amene ankamuthyola anali athu, koma kwa nthawi yaitali ankangopita kunja, eni manjawo osamumwa. Ambiri anaphunzira kumwa tiyi ndi buledi kumishoni, ku usilikali, ndi kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Mtchona akabwera ndi bokosi lake, njinga, chipewa ndi ketulo, ankafuna kuonetsa kuti anaona dziko. Ena a iwo ndiwo anatsegula ma tea room ndi makantini pamisika ndi pamalo oima basi: kanyumba ka udzu, tebulo limodzi, benchi, makapu achitsulo ndi masikono m'kabokosi ka galasi. Musazinyoze nyumba zimenezi. M'menemo ndi mmene munthu wakuda anayamba kukhala pampando, kuitanitsa chakudya, kulipira ndi ndalama yake, nacheza ndi anthu amene sanali abale ake. Nkhani za msonkho, za mitengo ya fodya ndi za ndale zinakambidwa kwambiri pa makapu amenewo.

Masiku opuma anapezanso magule ake. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, anyamata amene anaona asilikali akuguba anakulitsa magule a beni, malipenga ndi mganda. Gulu la mudzi uwu linkachapa zovala zoyera, kusita, nkuyenda mtunda wautali kukavina kumudzi wina, ndipo eni mudzi ankapha mbuzi ndi nkhuku nadyetsa alendo onsewo, podziwa kuti tsiku lina iwonso adzapita kukadya kwa anzawowo. Taonani apa: tsiku linali latsopano, zovala zinali za chisilikali, koma kadyedwe kanali kachidyerano ndithu.

Mahotela aakulu analipo, koma sanali athu. Ku Blantyre kunali hotela kuyambira kale, ndipo cha m'ma 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear ndi alendo ochokera ku Ulaya popita ku Johannesburg. Munthu wakuda ankalowa m'malo otere ngati khukhi kapena woperekera mbale. Ankadziwa kuphika chambo ndi batala, kuyala mafoloko ndi mipeni m'malo mwake, koma kukhala patebulo sankaloledwa. M'masitolo ena a Azungu ankagulira pawindo. Zimenezi zinayamba kutha pamene dziko linkayandikira ufulu, umene tinalandira pa 6 Julaye 1964. Inu anyamata amene mumalowa mu hotela lero nkuitana woperekera zakudya ndi chala, dziwani kuti mwina agogo anu anaima pamalo pomwepo atanyamula thireyi.

Pali chaka chimodzi chimene sindingachilumphe, ngakhale tikukamba za kusangalala. Ndicho chaka cha 1949. Mvula inadula mbewu zili zazing'ono, ndipo njala yaikulu inagwa, makamaka m'chigawo cha kummwera, m'madera ozungulira Blantyre. Anthu anadya mizu, zikhawo za nthochi ndi gaga. Boma linaitanitsa chimanga kunja niliyamba kugawa ndi kugulitsa m'malo oikika, koma ambiri anafa, makamaka ana ndi okalamba. Amene anaona njala imeneyo ankasimba chinthu chimodzi chimene chinawapweteka koposa: chidyerano chinatha. Banja lililonse linayamba kudyera m'nyumba, chitseko chili chotseka, kuti mnansi asamve fungo. Amuna ena anachoka nati akukafuna chakudya, osabweranso. Amene anali ndi ntchito ya malipiro anali ndi pogwira, pamene amayi okhala okha ndi ana ndiwo anavutika koposa. Ine ndiyesa kuti chaka chimenecho chinaphunzitsa anthu phunziro lowawa, lakuti mbale ya pabwalo imadalira nkhokwe yodzaza, ndipo kuti nkhokwe ikauma, ndalama ndiyo imalankhula. Njala itapita anthu anabwereranso pabwalo m'midzi yambiri, koma mwambowo unapitirira kufooka m'zaka zotsatira, mpaka lero pali ana ambiri amene mawu akuti chidyerano sanawamvepo.

Za pambuyo pa ufulu ndingozidutsa msanga, popeza ambiri mwaziona ndi maso. Shuga anayamba kupangidwa ku Nchalo m'chaka cha 1966, tiyi wa m'kapu nayamba kutsekemera ngakhale kumudzi. Fakitale ya mowa ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968. Likulu litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu olandira malipiro pamwezi anachuluka m'chigawo chapakati, ndipo msewu wa ku Salima unayamba kudzaza Loweruka m'mawa. A ku Blantyre ndi ku Zomba ankalowera ku Mangochi, a ku Mzuzu natsikira ku Nkhata Bay. Nyanja imene inali ya asodzi ndi ya sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, inasanduka malo okasambira ndi kukawotcha nyama. Lero pa Tsiku la Anakubala, mu Okutobala, mabasi amadzaza ndi amayi ovala zitenje zofanana, ana awo atawalipirira ulendo wa kunyanja. Ndi mwambo watsopano, koma ine ndiuyesa wabwino kwambiri, chifukwa pa tsiku limeneli amene anakhala akuphika moyo wawo wonse amakhala pansi, wina nawaphikira.

Kunyanjako aliyense amafuna chambo, ndipo apa pali vuto. Chambo sichiswana ngati usipa. Chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titakula pang'ono, kotero kuti khoka likachigwira m'nyengo imeneyo laphera pamodzi mayi ndi ana ake onse. Ndicho chifukwa chake Boma limatseka usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Koma pakamwa panachuluka, makoka a maso aang'ono nawonjezeka, ena mpaka kusodza ndi maneti a udzudzu. Ku Nyanja ya Malombe chambo chinachepa koopsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 2018 akatswiri a zachilengedwe anaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutha. Nsomba imene agogo athu a m'mbali mwa nyanja ankapatsa mlendo kwaulere, lero mwana wa msodzi yemweyo amangoiona ikukwera galimoto. Mukapita kunyanja m'miyezi yotsekayo, wina nakubweretserani chambo chaching'ono ngati chikhatho cha mwana, mudziwe chimene mukugula.

Kodi tsono chidyerano chinafa? Ine ndiyesa kuti chinangosamuka. Pitani masana pamalo pamene amisiri akumanga nyumba, kapena pa galaja, kapena kuseri kwa ofesi. Mudzapeza anthu asonkha ndalama pang'onopang'ono, wina wagula ufa, wina bonya ndi tomato, wina akusonkhezera moto, ndipo nthawi ikakwana onse azungulira mbale imodzi. Amati mmemo. Amene alibe ndalama lero amadya, mawa adzasonkha. Anthu ake si apachibale, wina Mtumbuka, wina Mlomwe, wina Myao, koma lamulo lake ndi lomwe lija la pabwalo. Chimodzimodzinso amayi a m'mabungwe a kumpingo ndi a banki m'khonde pamene agawana ndalama kumapeto a chaka: aliyense amabwera ndi poto wake, nayala mphasa pansi pa mtengo.

Agogo a ku Dedza aja sanachoke pamsika ndi njala. Mwana wawo anawatengera kuseri kwa mashopu, kumene amayi amaphika nsima pa chiimilire, nawapezera kabenchi. Anawagulira mitanda iwiri ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru. Atasamba m'manja anayang'ana uku ndi uku, naona mnyamata wogulitsa majumbo ataima chapafupi. Anati, "Iwe, tasamba m'manja, bwera kuno." Mwini malo anati mbale imeneyo yalipiridwa ya munthu mmodzi. Agogo anayankha kuti, "Mbale ndi imodzi yomweyi, amayi, ine sindinapemphe ina." Mnyamata uja anakhala pansi, nadya nawo mpaka minibasi inaliza hutala.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzabwerera kumunda, tidzakambe za kasungidwe ka mbewu ya mbatatesi.